Wophunzira ndi amene amadziwa pomwe nzeru zake zathera

Chaka chilichonse bungwe la Maneb likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, mafoni amatentha. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamadzaza zithunzi za omwe akhoza, mapoyinti awo atalembedwa m'munsi, ndemanga zili mbwee: "Mwana uyu ndi wanzeru." Amene walephera amazimitsa foni kwa masiku angapo. Kumudzi nako, kaya ndi kwa Kaduya kuno ku Phalombe kaya ndi kwina, anthu amayamba kugawa ana m'magulu awiri, ophunzira ndi osaphunzira.

Kukhoza mayeso n'kwabwino ndithu, ndipo amene wakhoza tizimuyamikira. Koma pali funso lomwe satifiketi siyankha. Munthu wophunzirayo akafika pomwe nzeru zake zathera, amatani? Amavomera n'kufunsa? Amangolankhula molimba kuti asachite manyazi? Kapena amatola chilichonse chomwe chabwera pa foni n'kuchiyesa choona?

Maganizo anga ndi akuti maphunziro enieni amaonekera pamenepo. Palibe munthu, kaya pulofesa, sing'anga, m'busa kapena mfumu, amene amadziwa zonse. Aliyense ali ndi malire. Kusiyana kwa wophunzira ndi wosaphunzira kuli pa zomwe amachita akafika pamalirepo. Ife a ku Phalombe nkhaniyi sitiyenera kuitenga ngati mtsutso wa m'kalasi, chifukwa boma lathu lino yaliphera anthu kangapo konse.

Napolo ndi a zanyengo

M'mwezi wa March 1991, mvula yamphamvu itagwa, phiri la Michesi lidagumuka. Madzi, matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zidatsika n'kusesa midzi, ndipo anthu mazanamazana adafa. Akuluakulu adati wadutsa ndi Napolo, chinjoka chomwe amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula chilichonse m'njira mwake. Dzina lomweli lidamvekanso ku Zomba m'chaka cha 1946 pomwe madzi adatsika m'phiri n'kuononga tauni.

Mwana wa sukulu akamva zimenezi amaseka. Mu phunziro la Geography adamuuza kuti nthaka ya paphiri ikamwa madzi ambiri imalemera n'kuterereka, basi, palibe njoka. Ndipo akunena zoona. Koma asanamalize kuseka aganizire ichi: nkhani ya Napolo idasunga zinthu zomwe buku lake la Geography lilibe. Idasunga chikumbutso chakuti phiri ili, lomwe tikulionali, limagumuka. Agogo amene adaona za 1991 akhoza kukulozerani khwawa lomwe madzi adadzera, pomwe padali nyumba za anthu, ndi mtunda womwe anthu adathawira n'kupulumuka. Bukulo lidalembedwera dziko lonse, silidziwa khwawa la kuseri kwa nyumba yanu.

Patatha zaka 32, m'mwezi womwewo wa March, kudabwera namondwe wa Freddy. Ulendo uno sayansi idali maso. Akatswiri adamuona Freddy akubadwa kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, adamutsatira ndi makina a m'mlengalenga akuoloka nyanja yonse ya India, akumenya Madagascar, akulowa ku Mozambique, akubwereranso kunyanja, kenako akulowanso kachiwiri cha ku Quelimane. Bungwe loona zanyengo padziko lonse lidatsimikiza pambuyo pake kuti namondweyu adakhala masiku 36, ndipo palibe wina m'mbiri yolembedwa amene adakhalitsa chotere. Nthambi yathu yoona zanyengo idachenjeza Amalawi namondweyo asanafike.

Komabe anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno. Kwa Nkhulambe, m'boma lathu lomwe lino, kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre matope adatsika m'phiri la Soche. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udakokoloka.

Ndiye kodi a zanyengo adalephera? Ayi. Adanena zomwe sayansi ikadatha kunena: kukubwera mvula yoopsa m'maboma a kummwera, samukani m'malo otsika ndi m'mphepete mwa mapiri. Chomwe sakadatha kunena n'chakuti phiri ligumukira mbali iti, ola liti, pamudzi wa yani. Awa ndiwo malire awo, ndipo akatswiri enieni samawabisa. Katswiri wina wa ku America, Edward Lorenz, adaonetsa kale m'zaka za m'ma 1960 kuti kasinthidwe kakang'ono kwambiri mumlengalenga kamakula n'kusintha nyengo yonse, kotero ngakhale kompyuta ikhale yamphamvu bwanji, singakuuzeni motsimikiza mvula ya tsiku lakutilakuti mwezi wamawa. N'chifukwa chake a zanyengo amalankhula kuti "pali chiyembekezo" kapena "mvula ikhoza kugwa yochuluka". Si mantha amenewo, n'chilungamo.

Tsono taonani. A zanyengo adadziwa kuti kukubwera chiyani, koma sadadziwe khwawa lake. Agogo adadziwa khwawa lake, koma sakadadziwa kuti kunyanja ya India kukuchokera chiyani. Mbali iliyonse idali ndi theka. Mutu umodzi susenza denga. Wachinyamata wophunzira bwino ndi amene angatenge uthenga wa pa wailesi kapena pa foni, n'kupita nawo kwa agogo kukafunsa kuti madzi a 1991 adadzera pati, kenako n'kuuza banja kuti usiku uno tikagone kusukulu kapena kutchalitchi kumtunda. Amene amanyoza agogo wataya theka limodzi. Amene amanyoza a zanyengo kuti "amangonama awa" wataya theka linalo.

Pomwe tidadzaza mpata ndi mantha

Chitsanzo chachiwiri n'chowawa kuchikumbuka, koma tisachithawe. M'mwezi wa September 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe kuno, kenako idafalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu. Achinyamata adatseka misewu n'kumasecha magalimoto. Mlendo aliyense adasanduka wokayikitsa. Pofika kumapeto kwa October anthu osachepera 9 adali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa ogwira ntchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe poopa chitetezo chawo. Madokotala adanena poyera kuti sadapeze umboni wakuti pali munthu amene adapopedwa magazi.

Anthu amene ankati apopedwa sikuti onse ankanama dala. Munthu amadzuka usiku mtima ukugunda, thupi lili lefu, mutu ukuzungulira, mpweya ukubanika. Zimenezo n'zenizeni, amazimvadi. Chomwe sadziwa n'chakuti zachokera kuti. Mantha okha amatha kuchita zimenezi m'thupi. Kuchepa kwa magazi, malungo, njala ndi kusagona nazonso zimatero. Pamenepo ndi pomwe padali malire a nzeru zathu. Yankho loona lidali lakuti: "Sindikudziwa chomwe chandichitikira, tiyeni kuchipatala akandiyeze." M'malo mwake mpatawo tidaudzaza ndi nkhani yomwe idali kale m'makutu mwathu, ndipo nkhaniyo idafuna munthu woti aphedwe.

Musaganize kuti izi zidali za anthu osapita kusukulu okha. M'magulu otseka misewu mudali anyamata odziwa kuwerenga ndi kulemba, ena a satifiketi zawo. Mauthenga ankayenda pa mafoni a anthu odziwa Chingerezi. Sukulu idawaphunzitsa kuyankha mafunso a Biology, koma sidawaphunzitse kufunsa mafunso atatu osavuta: Waona ndani ndi maso ake? Chida chopoperacho chili kuti? Wopopedwayo atamuyeza kuchipatala adapeza chiyani?

Koma tinenenso chilungamo kwa ophunzira a m'tauni amene ankangoseka kuti "anthu a kumudzi ndi mbuli". Nawonso adaonetsa malire awo. Mphekesera ya anamapopa si yatsopano. Idamvekapo m'dziko muno cha m'ma 2002, ndipo m'maiko oyandikana nafe idalipo kuyambira nthawi ya atsamunda. Imamera bwino pomwe anthu ndi osauka, pomwe alendo amabwera pagalimoto kudzalemba maina kapena kudzatenga magazi okayeza popanda kufotokoza bwino, n'kupita osabweranso kudzanena zomwe apeza. Wophunzira amene sadziwa chifukwa chomwe anthu akwawo akuopera, ndipo safuna n'kufunsa komwe, sangathe kuthetsa manthawo. Kuseka sikudapulumutse munthu ngakhale mmodzi.

Sayansi imasintha, ndipo ndiyo mphamvu yake

Wina anena kuti: "Ngati aliyense ali ndi malire, ndiye kuti zonse n'chimodzimodzi. Dokotala ali ndi zake, sing'anga ali ndi zake, ine ndili ndi zanga." Apa ndiye tisamalepo, chifukwa maganizo amenewa ndi oopsa kuposa kunyada komwe.

Tengani nkhani ya malungo. Kalekale azungu ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lomwe adapatsa matendawa limatanthauza zomwezo. Adali olakwa. M'chaka cha 1897 Ronald Ross adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo nkhani idasintha. Makolo athu adakula akumwa chloroquine. Patapita nthawi tizilombo tidazolowera mankhwalawo, ana ankamwa koma osachira. M'chaka cha 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso atayamba kufooka, m'chaka cha 2007 tidasinthira ku LA amene tikumwa lero. M'chaka cha 2019 Malawi lidali limodzi mwa maiko atatu oyamba, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana.

Wokayika ati: "Mwaona? Amangosinthasintha, sadziwa chomwe akuchita." Koma funsani kuti adasintha chifukwa chiyani. Adasintha chifukwa ankawerenga ana amene achira ndi amene sadachire, ndipo manambala atawauza kuti mankhwala afooka, adavomera. Njira yawo ili ndi khomo lotulukira ukalakwitsa. Tsono yerekezani ndi munthu amene amagulitsa botolo limodzi pamsika kapena pa TikTok n'kumati limachiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi Edzi yomwe. Mudamumvapo akunena kuti mankhwala ake alephera? Wodwala akachira ndi mphamvu ya botolo. Akafa ndiye kuti adachedwa kubwera, kapena adamulodza. Munthu amene sangalakwe m'maso mwake sangaphunzirenso kanthu.

Ku Australia, madokotala awiri, Barry Marshall ndi Robin Warren, adanena m'zaka za m'ma 1980 kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo, pomwe mabuku a udokotala ankati zimayamba ndi nkhawa komanso asidi wochuluka. Anzawo ambiri sadawakhulupirire. Marshall adafika pomwa tizilomboto yekha kuti aonetse umboni. M'chaka cha 2005 awiriwa adalandira mphotho ya Nobel, ndipo mabuku adalembedwanso. Madokotala adali olakwa, inde, koma amene adawakonza ndi umboni, osati mphekesera.

Choncho kunena kuti aliyense ali ndi malire sikutanthauza kuti mawu a aliyense ndi olemera mofanana. Pa nkhani ya malungo a mwana wanu, namwino wa ku Holy Family kapena wa pachipatala chaching'ono cha kwanuko amadziwa zambiri kuposa gulu lanu la WhatsApp. Pa nkhani ya komwe madzi amadzera m'mudzi mwanu, agogo amadziwa zambiri kuposa namwinoyo. Nzeru ndi kudziwa woti umufunse pa nkhani iliyonse, ndi kuona ngati munthuyo amavomera akalakwa.

Sukulu yathu imaphunzitsa chiyani?

M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale. Ana olembetsa adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Chidali chinthu chachikulu, ndipo ambiri amene mukuwerenga nkhaniyi pa foni ndinu zipatso zake. Koma makalasi adadzaza kuposa aphunzitsi ndi mabuku. Mphunzitsi amene ali ndi chigulu cha ana patsogolo pake, ena atakhala pansi, ena pansi pa mtengo, alibe nthawi yoti mwana aliyense afunse "chifukwa chiyani". Chomwe angathe ndi kulemba manotsi pabolodi, ana akopere, aloweze, adzabweze pa mayeso. Mlandu si wa mphunzitsiyo. Ndi momwe zinthu tidaziyalira.

Zotsatira zake n'zakuti mwana amakula akudziwa kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi, yankholo lili kwa aphunzitsi, ndipo kunena kuti "sindikudziwa" n'kulephera. Akalakwitsa anzake amamuseka. Akafunsa kwambiri amati ndi wamwano kapena wofuna kuonekera. Pofika Fomu 4 waphunzira kubisa umbuli wake m'malo moutulutsa kuti uchiritsidwe. Onjezani kuti zonsezi zikuchitika m'Chingerezi, chinenero chomwe ana ambiri a kwa Kaduya amakumana nacho m'kalasi mokha. Mwana amatha kuloweza chiganizo chonse chonena za kukokoloka kwa nthaka osazindikira kuti akunena za ngalande yomwe yadya munda wa amayi ake.

Pepala likakhala lofunika kuposa nzeru, anthu amayamba kugula pepalalo. M'mwezi wa November 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala adabedwa n'kumayenda pa mafoni, ndipo ana a dziko lonse adalembanso kumayambiriro kwa 2021. Likasa ndi umboni wakuti tidasokoneza zinthu ziwiri. Wolowa ndi likasa amafuna kuoneka wodziwa popanda kudziwa. Vuto lake n'lakuti akadzakhala namwino, mlangizi wa zaulimi kapena womanga milatho, wodwala, munda ndi mtsinje sizidzamufunsa mapoyinti.

Taonani mbali inayo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Pa muyeso wathu uja, ameneyu adali m'gulu la osaphunzira. Koma ankapita ku kalaibulale kakang'ono, n'kupeza buku la sayansi la Chingerezi chomwe sankachimva bwino. Ankayang'ana zithunzi, kufunsa matanthauzo a mawu, kuyesa, kulephera, kuyesanso, mpaka adapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Anthu ankamuyesa wamisala. Chomwe adali nacho n'chakuti sankachita manyazi ndi zomwe sadziwa. Ndipo onani kuti mwayi utapezeka adabwerera kusukulu mpaka adamaliza ku Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014. Nkhani yake isakhale chonamizira chothawira sukulu. Ikutiuza kuti mtima wofunsa ndiwo injini, sukulu ndi msewu.

Zimenezi anthu adaziona kalekale. Ku Athens, zaka zoposa 2,400 zapitazo, Socrates ankayenda kufunsa mafunso anthu otchuka ndi nzeru, andale, olemba ndakatulo ndi amisiri. Adapeza kuti aliyense, chifukwa chodziwa chinthu chimodzi, ankadziyesa wodziwa zonse. Mafunso akewo adakwiyitsa akuluakulu mpaka adamuweruza kuti afe. Makolo athu adanena zomwezo mwachidule: safunsa adadya phula.

Foni m'manja, dziko lonse m'thumba

M'badwo wathu uli ndi vuto lomwe agogo adalibe. Iwo ankasowa uthenga. Ife uthenga watichulukira, ndipo kuchuluka kwake kumatipusitsa kuti tikudziwa. Ukaonera kavidiyo ka mphindi imodzi konena za katemera, za ndale za ku America kapena za momwe ungalemerere ndi ndalama za pa intaneti, umatuluka ukumva ngati katswiri. Bandulo ya K500 yakupatsa digiri.

Tsopano kwabweranso mapulogalamu ngati ChatGPT, omwe amayankha funso lililonse mwaulemu ndi molimba mtima. Ndi othandiza, agwiritseni ntchito. Koma dziwani kuti amathanso kupeka dzina, chaka kapena nkhani yonse, n'kuinena ndi mawu okoma omwewo. Afunseni za mudzi wanu muone. Chida chomwe chimayankha molimba chikamadziwa ndi chikamapeka chomwe chimafuna mwini wake wodziwa kukayika.

Ndipo pali zinthu zina zomwe ngakhale mutafufuza bwanji simungazidziwiretu. Alimi a nandolo a ku Phalombe akukumbuka. Cha m'ma 2015 ndi 2016 mtengo wa nandolo udali wabwino chifukwa dziko la India linkagula kwambiri, ndipo anthu adalimbikitsidwa kulima wochuluka. M'mwezi wa August 2017 boma la India lidaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, mtengo kuno udagwa, alimi adatsala ndi matumba m'nyumba. Mlimi wa kwa Kaduya sakadadziwa zomwe akuluakulu a ku New Delhi ankakonza. Alangizi nawo sadadziwe. Phunziro lake si lakuti tisamamvere alangizi. Ndi lakuti munthu wodziwa kuti mawa salidziwa saika munda wonse pa mbewu imodzi. Makolo athu ankadzala chimanga, nandolo, maungu, mapira ndi chinangwa m'munda umodzi chifukwa ankalemekeza zomwe sangazidziwe. Asodzi a ku Chilwa, nyanja yomwe idaphwapo mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018, amadziwa chimodzimodzi kuti wodalira nsomba zokha tsiku lina adzagona ndi njala.

Ndiye tichite chiyani?

Wina akhoza kudandaula kuti kudzichepetsa kotereku kungatifooketse. Amalawi tidazolowera kale kungoti "kaya", "zili kwa Mulungu", "ife ndife yani". Kodi kuuza achinyamata kuti nzeru zili ndi malire sikuwonjezera ulesi womwewo? Dandauloli ndi lomveka. Koma pali "sindikudziwa" wa mitundu iwiri. Woyamba amanena n'kukhala pansi. Wachiwiri amanena n'kunyamuka kukafunsa, kukayeza, kukawerenga. Woyambayo ndi ulesi wovala chovala cha ulemu. Wachiwiriyo ndi amene adapeza tizilombo m'mimba mwa udzudzu ndi kuyatsa babu ku Wimbe. Ndipo kusadziwa zonse sikuletsa kuchitapo kanthu. Simufunika kudziwa ola lomwe phiri ligumuke kuti musamuke m'khwawa.

Kwa aphunzitsi athu, ngakhale kalasi ndi yodzaza, pali chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Mwana akafunsa funso lomwe yankho lake mulibe, muuzeni kuti mukafufuza ndipo mubwera nalo mawa, kenako mubwere nalodi. Tsiku limenelo mwamuphunzitsa zambiri kuposa manotsi a sabata yonse. A unduna wa zamaphunziro ndi a Maneb nawo aganizire mafunso omwe likasa silingathandize, ofuna kuti mwana afotokoze za mtsinje, munda kapena msika wa kwawo pogwiritsa ntchito zomwe waphunzira.

Kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anthu amene adaona za 1991 akukalamba, ndipo akamapita akupita ndi mapu omwe ali m'mitu mwawo. Aitaneni pamodzi ndi amene adapulumuka kwa Freddy, akhale pansi ndi ana a sekondale, ajambule pomwe madzi adadzera ndi pomwe anthu adathawira. Pepalalo likhomedwe kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti. Tibzalenso mitengo m'mapiri, chifukwa imagwira nthaka, koma tisadzinamize kuti mitengo yokha ingaimitse mvula ngati ya Freddy. Nyumba ya m'khwawa ndi ya m'khwawa basi.

Kwa inu anzanga a mafoni, ntchito yanu ndi yaing'ono koma ndi yolemera. Uthenga ukafika wonena kuti kwinakwake agwira wopopa magazi, kapena agogo akutiakuti ndi mfiti yomwe yamanga mvula, kapena katemera akupha ana, chala chisathamangire kutumiza. Funsani amene wakutumiziraniyo kuti waona yekha kapena wangomva. Funsani kuti zachitikira mudzi uti, tsiku liti, ndipo apolisi kapena achipatala anenapo chiyani. Akakwiya chifukwa mwafunsa, mwapeza kale yankho. Mu 2017 anthu adafa chifukwa ambiri adatumiza ndipo ochepa adafunsa.

Satifiketi itengeni, ilimbikireni, chifukwa imatsegula makomo. Koma dzinja likubwera, Michesi ali pomwe adali, ndipo mphekesera ina ikuphikidwa kale penapake. Zikadzafika, mudzi wanu udzafuna munthu amene angaime pakati pa gulu n'kunena kuti: "Abale, ichi sitikuchidziwa bwino, tiyeni tifunse kaye tisanachite kanthu." Ngati munthu ameneyo ndi inu, ndiye kuti fizi ya makolo anu sidapite pachabe.